PHUNZIRO 14: KUPEWA MATENDA PA MSINKHU ULIWONSE

Anzanga a m'kopaletivi, mvula ikagwa ntchito imachuluka. Nyengo yomweyo malungo ndi kutsekula m'mimba zimachulukanso. Mlimi akagona masabata awiri nthawi yopalira, chimanga chimalowa thengo. Mwana akadwala, mayi amasiya khasu. Tsono kupewa matenda ndi ntchito ya ulimi ndithu. Msinkhu uliwonse uli ndi zofunika zake.

Mayi woyembekezera

M'mera mpoyamba. Mayi ayambe sikelo miyezi itatu isanathe. Kumeneko amamuyeza magazi ndi kumupatsa mankhwala oteteza malungo. Azigona m'neti usiku uliwonse, ndipo akachilire kuchipatala. Ngati kwanu n'kutali, monga midzi ina ya ku Ngauma, nyamukani masiku asanakwane. Inu abambo, sunganitu ndalama ya ulendo mukagulitsa mbewu.

Mwana wakhanda

Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, popanda madzi kapena phala. Kenaka muyambe kumupatsa phala lotsira nsinjiro, koma bere asasiye. Katemera amalandira atangobadwa, ndiponso pa miyezi 2, 3 ndi 4. Wa chikuku ndi pa miyezi 9 ndi 18. Sungani khadi la sikelo pouma, monga musungira mbewu.

Ana a sukulu

Ana amakonda kusambira m'madzi odikha, m'madambo ndi kunyanja ya Amaramba. M'madzi otere muli nkhono zosunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti timalowera pakhungu. Mwana akakodza magazi, musati wakula ayi. Wadwala, pitani naye kuchipatala. M'chaka cha 2021 boma linayambanso kupereka katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero kwa atsikana a zaka 9.

Ife akuluakulu

Mu Seputembala 2022 kolera inabuka ku Lago, m'chigawo chathu chino cha Niassa. Kolera imayenda ndi madzi ndi zakudya zomwe zakhudzana ndi manyi. Banja lililonse likhale ndi chimbudzi chovundikira. Sambani m'manja ndi sopo. Madzi akumwa muwiritse kapena muthire Certeza.

Munthu akayamba kutsekula m'mimba, sakanizani lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Azimwa pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala.

Alimi a thonje ku Cuamba ndi a fodya ku Mandimba, samalani popopera mankhwala. Phimbani mphuno ndi kamwa. Musapopere moyang'ana kumene kukuchokera mphepo. Chigubu cha mankhwala musatungire madzi.

Agogo athu

Kuthamanga kwa magazi kumabwera mwakachetechete. Munthu amangogwa m'munda, mbali imodzi ya thupi itafa. Perekezani agogo akayezetse, ndipo chepetsani mchere m'ndiwo. Aliyense wotsokomola masabata awiri akayezetse chifuwa chachikulu. Chimachizika, mankhwala ake ndi aulere.

M'chaka cha 1978 dziko lathu la Mozambique linayamba kuphunzitsa alangizi a zaumoyo a m'midzi, otchedwa APE. Aitaneni ku msonkhano wa kopaletivi mvula isanayambe.

Mafunso

1. Kodi mwana ayamwe bere lokha miyezi ingati?
2. Likodzo limalowa bwanji m'thupi?
3. Ndi mabanja angati m'kopaletivi yanu amene alibe chimbudzi? Mudzawathandiza liti kukumba?

Lembani m'makope mwanu: Kupewa matenda ndi ntchito ya ulimi.