Dotolo Akasiya Wodi N'kukhala Mkonzi

M'chigawo chathu chino, kumene odwala amandanda pamzere kuyambira mbandakucha kudikira dotolo mmodzi, zimadabwitsa kumva kuti dotolo wasiya wodi n'kukhala mkonzi wa magazini. Ambiri amafunsa kuti, kodi amenewa si maphunziro otayika? Mbiri ya Mayi Fiona Godlee a ku Britain ingatithandize kuyankha.

Mayi Godlee anamaliza maphunziro a udotolo mu 1985 ndipo anathandiza odwala kwa zaka zingapo. Mu 1990 analowa ntchito ya ukonzi ku BMJ, magazini ya madotolo imene inayamba kutuluka mu 1840. Mu 2005 anakhala mkonzi wamkulu, mayi woyamba paudindowo, ndipo anautula kumapeto kwa 2021.

Kusintha kotere sikophweka. M'wodi, dotolo amaona wodwala wake akudzuka n'kubwerera kwawo. Mkonzi alibe chimwemwe chimenecho, pakuti chimene chili patsogolo pake ndi mulu wa malipoti a kafukufuku. Lipoti lililonse amalifunsa mafunso monga ankafunsira odwala. Kodi mankhwalawa anayesedwa pa anthu angati? Kodi panali gulu lina losalandira mankhwalawo loti afanizire? Nanga ndalama za kafukufukuyu anapereka ndani? Lipoti likaoneka lolongosoka, amalitumiza kwa akatswiri ena kuti aliunike lisanasindikizidwe. Pamenepa dotolo amayenera kuphunziranso luso lowerenga ziwerengero, kulemba momveka, ndi kulimba mtima pokana zolemba za akuluakulu amene anamuphunzitsa.

Kulemera kwa ntchitoyi kunaoneka pa nkhani ya katemera. Mu 1998, magazini ina ya madotolo, The Lancet, inasindikiza lipoti la Andrew Wakefield ndi anzake lonena za ana 12 okha. Lipotilo linachititsa makolo kukhulupirira kuti katemera wa MMR, amene amateteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, amayambitsa vuto la kakulidwe ka ubongo lotchedwa autism. Ku England, chiwerengero cha ana olandira katemerayu chinatsika kuchoka pa 92 mwa ana 100 alionse kufika pa 80, ndipo chikuku chinabukanso. The Lancet inafafaniza lipotilo mu 2010. Mu Januwale 2011, motsogozedwa ndi Mayi Godlee, BMJ inasindikiza zimene anafufuza mtolankhani Brian Deer, n'kulengeza poyera kuti kafukufukuyo anali wachinyengo. Dotolo akalakwitsa m'wodi, wovulala ndi mmodzi, koma cholakwa chikadutsa pamaso pa mkonzi chimalowa m'makomo zikwizikwi.

Kuno kwathu nako ntchitoyi ilipo. Ku Blantyre kumatuluka Malawi Medical Journal, imene imasindikiza kafukufuku wa matenda monga malungo, chifuwa chachikulu ndi Edzi. Mu 2004, akonzi ake anapalana ubale ndi a magazini ya JAMA ya ku America pofuna kukulitsa luso lawo. Popanda akonzi odziwa zachipatala, zimene madotolo athu amapeza zingathere m'makabati, osafika kwa okonza ndondomeko za chithandizo.

Mwina mlimi anganene kuti zimenezi n'za ophunzira okhaokha. Koma taganizirani kapepala kamene mlangizi wa zaumoyo amawerengera amayi kusikelo. Mwana akatsekula m'mimba ndipo paketi ya ORS palibe, muyeso wake ndi masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Womasulira akasinthanitsa shuga ndi mchere, madzi opulumutsa mwana angathe kumupha. Amene amagwira cholakwa chotere chisanafike kumudzi ndi mkonzi amene anaonapo mwana wotha madzi m'thupi.

N'zoona kuti dotolo akachoka m'wodi, mzere wa odwala umatalika. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo chipatala chimafunanso wolondera zolembedwa. Inu alangizi ndi alimi, mukalandira kapepala ka zaumoyo, yang'anani amene anakasindikiza ndi chaka chimene kanatuluka. Mukapeza mawu osamveka kapena muyeso wokayikitsa, kafunseni kuchipatala musanauze ena.