Nyumba za Mulungu pa Mapiri a Dedza

Pamene ndilingalira za matchalitchi akale a m'dera lathu la Dedza, mtima wanga ukondwera, pakuti nyumba zimenezi, zimene makolo athu anaumbira njerwa ndi kusenzera mitengo pamapewa, ndizo zinasanduka maziko a midzi yambiri imene tiiona lero.

Abambo Oyera atakhazika misiyoni ya Mua m'tsinde mwa mapiri m'chaka cha 1902, anakwera kumtunda nafika ku Bembeke mu 1910, kufunafuna mphepo yozizira yopumuliramo ku kutentha ndi malungo a kuchigwa. Ndipo pamalo pomwepo, pakati pa minda ya kachewere ndi nkhungu ya m'mamawa, panamangidwa tchalitchi cha njerwa zofiira chimene chinadzakhala likulu la Dayosizi ya Dedza, pomwe panakhala Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa uepiskopi, mu 1957. Nawonso a Dutch Reformed anayala mphasa yawo ku Mphunzi, kumene mpingo wa Sinodi ya Nkhoma upembedza kufikira lero lino.

Pomwe panalira belu, pomwepo panamera sukulu, chipatala ndi msika, kotero kuti mwana wa mlimi anaphunzira kulemba, mayi wodwala napeza mankhwala.

Chifukwa chake ndikudandaulirani, inu a mipingo yonse pamodzi ndi mafumu athu: mutu umodzi susenza denga. Tiyeni tikonze makoma ong'aluka ndi malata odontha, tisunge mabuku akale a ubatizo, kuti adzukulu athu adzadziwe kumene anachokera.