Kodi Mumadziwa? Netiweki Nayonso Imadzaza

Usiku wolowa chaka chatsopano ku Kawale, Biwi kapena Chinsapo, foni nthawi zina imakana kulowa mukaimba, pomwe chithunzi cha pa WhatsApp chimapita ndithu, ngakhale mochedwa. Chimasiyanitsa n'chiyani?

• Mukamaimba foni mwa nthawi zonse, netiweki imayamba yakusungirani njira musanalankhule. Njira zonse zikatengedwa, woimba watsopano amabwezedwa, monga mmene kondakitala wa minibasi ya ku Area 25 amamusiyira munthu pa siteji mipando ikatha. Amene akulankhula kale sasokonezedwa. Pa netiweki za makompyuta, dongosolo lofanana ndi ili limatchedwa virtual circuit.

• Intaneti sisungira munthu njira. Chithunzi chanu chimaduladulidwa kukhala timaphukusi totchedwa datagram, kalikonse ndi adiresi yake. Timaphukusiti tikachuluka timaima pamzere, ndipo mzere ukadzaza tina timatayidwa, n'kutumizidwanso.

• Koma kutumizanso kumeneku kunabweretsapo vuto. Mu Okutobala 1986, ku California, liwiro la uthenga pakati pa Lawrence Berkeley Laboratory ndi yunivesite ya ku Berkeley linatsika kuchoka pa mabiti 32,000 kufika pa mabiti 40 okha pa sekondi. Makompyuta ankangotumizanso timaphukusi totayika, n'kumawonjezera mpanipani.

• Mu 1988, katswiri wina wa makompyuta, Van Jacobson, anafalitsa njira yothetsera vutoli. Wotumiza amayamba ndi timaphukusi tochepa n'kumawonjezera, ndipo akaona kuti tina tatayika, amachepetsa liwiro ndi theka. Mfundo imeneyi ikugwirabe ntchito pa intaneti mpaka lero.