Kagalu ka m'nyumba: si ka mabwana okha

Kwa anthu ambiri a m'boma la Thyolo, galu ndi wapanja. Amagona pakhonde, amadya mkute, ndipo ntchito yake ndi kuuwa mbala kapena kuperekeza anyamata kosaka. Galu wogona pampando ankaoneka kunyumba za mabwana zokha, m'maesiteti a tiyi monga Satemwa, yomwe Maclean Kay adaikhazikitsa mu 1923.

N'chifukwa chake munthu akanyamula kagalu kotha kukwana m'thumba la jekete pa Bvumbwe kapena pa Luchenza, anthu amatembenuka. Ena amaseka kuti kamphaka. Ena amangoti nzachizungu.

Koma mbiri ya tiagalu ta mtundu wa terrier ikutsutsa maganizo amenewa. Kagalu ka Yorkshire terrier, komwe lero amakamanga riboni pamutu, kadachokera kwa anthu aganyu. M'zaka za m'ma 1800, ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu kumpoto kwa England ndiwo ankatiweta kuti tizipha makoswe. Mtundu wina, wakuda wa mawanga ofiirira, wotchedwa English Toy Terrier, udatchuka mumzinda wa London pa mipikisano yopha makoswe yomwe anthu ankabetcherana ndalama. Tonse tiwiri timalemera makilogalamu atatu kapena kupitirira pang'ono, ngati tambala wonenepa.

Choncho kagaluka n'koyenera banja la wothyola tiyi kapena kalaliki wapafakitale monga momwe kalili koyenera bwana. Sikafuna bwalo lalikulu. Chakudya chake cha tsiku lonse n'chochepa kuposa chomwe galu wamkulu amameza kamodzi. Kamamva msanga mgugu panja ndipo kamauwa mosatopa, mwina mpaka kukwiyitsa oyandikana nawo poti nyumba za pakomboni n'zogundizana. Khoswe wolowerera matumba a chimanga sakhalitsa. Ndipo kamatha kukhala ndi moyo zaka 12 kufika 15, kutanthauza kuti mwana yemwe akuyamba Sitandade 1 lero angathe kulemba mayeso a Fomu 4 kagaluko kakadalipo.

Vuto lili pa kuchepa komweko. Mafupa ake ndi opyapyala. Mwana akakagwetsa kuchokera m'manja, mwendo utha kuthyoka, ndipo chipatala cha ziweto chotha kulumikiza fupa lotere n'chokafuna ku Blantyre. Makolo ambiri amagula kagalu ngati chidole cha mwana wazaka zitatu. Kumeneko ndiye kulakwa: kagalu kakafinyidwa kamaluma, mwana n'kulira, kenaka bambo n'kukaponya panja komwe agalu akuluakulu akukadikira.

Nyengo ya ku Thyolo nayo siimvera chisoni. Chiperoni chikatsika m'miyezi ya June ndi July, kagalu ka ubweya waufupi kamanjenjemera usiku wonse. Katoni yoyalamo juzi yakale pakona ya nyumba imakwanira. M'dzinja, udzu wa m'mphepete mwa minda ya tiyi umadzaza nkhupakupa, zomwe zimafalitsa matenda owononga magazi. Kagalu kakafooka, kukana kudya ndipo nkhama zake zikayera, musadikire mawa, pitani kwa alangizi a ziweto. Thupi laling'ono chonchi lilibe magazi oti n'kutaya.

Pa chakudya, nsima yokha siikwana. Kasakanizireni usipa, dzira kapena nyama pang'ono, ndipo kakadali kakhanda kazidya pang'onopang'ono katatu kapena kanayi patsiku. Mafupa ophika a nkhuku amabaya m'matumbo. Anyezi ndi chokoleti ndi poizoni kwa galu. Ndipo poti kuno tiyi sasowa pamoto, tinene poyera: musakapatse tiyi wotsala m'kapu, ngakhale kakuyang'aneni ndi maso achisoni. Chomwe chimatichotsa tulo ife mu tiyi chimathamangitsa mtima wa kanyama kotere.

Chachikulu pa zonse ndi chiwewe. Ena amaganiza kuti galu wam'nyumba safuna katemera, koma kagalu kamatuluka kukadzithandiza, ndipo kulumidwa kamodzi n'kokwanira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi anthu onse odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15. Kagalu kogona pamphasa imodzi ndi ana ndiko koyenera kukhala koyamba pamzere. Mu 2015, bungwe la Mission Rabies lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Kagalu kabayidwe kakafika miyezi itatu, kenaka muzibwereza monga alangizi akuuzirani, ndipo khadi lake muzilisunga pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana. Munthu akalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Pogula, chenjerani ndi anyamata otukula tiana ta agalu m'mbali mwa misewu ya m'tauni. Kamwana ka galu aliyense ndi kakang'ono, ndipo ena adagulapo "terrier" yemwe patatha miyezi isanu ndi umodzi ankafika m'chiuno. Pemphani kuona make, ndipo musatenge kagalu kosakwana milungu isanu ndi itatu.