Ng'ombe ya Sukulu ya ku Texas

Ku dziko la America kuli cigawo cochedwa Texas, kumene anthu aweta ng'ombe za nyanga zazitali ndithu. Nyanga za zina, poziyesa kucokera ku nsonga kufikira ku nsonga inzace, ziposa msinkhu wa munthu wamkuru. M'mudzi waukuru wa Austin m'cigawomo muli sukulu ya maphunziro apamwamba, ndiyo Yunivesite ya Texas.

Masukulu ena a ku America ali ndi mwambo wakusankha nyama yamoyo ikhale cizindikiro cao, ndipo apita nayo ku bwalo pamene anyamata ao asewera mpira. Sukulu ya ku Austin inasankha ng'ombe, dzina lace Bevo.

Mwambowu unayamba m'caka ca 1916. Munthu wina amene anaphunzira pa sukuluyo kale, dzina lace Stephen Pinckney, anasonkhetsa anzace ndalama, nagula ng'ombe yofula ndi madola 124. Anaionetsa kwa khamu la anthu mwezi wa November, tsiku limene sukuluyo inapikisana ndi sukulu ina yochedwa Texas A&M.

Koma ng'ombe yoyambayo inaona masautso. M'caka ca 1917 ophunzira a ku Texas A&M anafika mobisa ku khola lace, naiocha ndi citsulo camoto, nalemba pa cikopa cace 13-0, kukumbutsa umo anapambanira pa mpira wa m'caka ca 1915. Ndiponso inali yosaweteka, ndipo kuisunga kunatha ndalama. Cifukwa cace m'caka ca 1920 anaipha, naidya pa phwando.

Patapita zaka anapeza ina, naipatsa dzina lomwelo, monga mfumu yatsopano ilowa dzina la imene inamwalira. Kuyambira m'caka ca 1945 gulu la ophunzira lochedwa Silver Spurs ndilo liyang'anira Bevo. Masiku wamba ng'ombeyo ikhala kubusa pamodzi ndi zinzace, koma tsiku la mpira ainyamula pa galimoto. Bevo wa 15 analowa dzinali m'caka ca 2016.

Tsono ng'ombe siileka kukhala ng'ombe. Pa 1 January 2019, m'mudzi wa New Orleans, Bevo anagwetsa mpanda, nathamangira galu wochedwa Uga, amene ali cizindikiro ca Yunivesite ya Georgia. Galuyo anapulumuka, koma anthu anabalalika ndi mantha. Pamenepo ena oteteza nyama ananena kuti mwambowu uleke, pakuti phokoso la khamu lisautsa coweta. Koma sukuluyo inausungabe.

Ana inu, taganizani. Ng'ombe siidziwa mpira, ndipo kuomba m'manja sikuikhutitsa. Cimene ifuna ndico msipu, madzi ndi mthunzi, monga ng'ombe za atate anu. Amene anyadira coweta ayenera kuyamba wacisamala.