Mukakwera Ilala, udzudzu umakudikirani pa doko

Masiku ano maanja achinyamata ambiri, ukwati ukangotha kapena ana akatsekera sukulu, akumakonda kukapitidwa mphepo pa sitima ya pamadzi. Ena amakwera Ilala, sitima yathu ija imene inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951, kuchoka ku Monkey Bay kudzera ku Nkhotakota, Likoma ndi Nkhata Bay mpaka ku Chilumba. Abale athu a ku Joni amakwera zikuluzikulu zija zochoka ku Durban kupita m'magombe a ku Mozambique. Zonsezi n'zabwino, pitani mukasangalale. Koma polongedza chikwama ambiri amakumbukira kamera ndi zovala zosambira, n'kuiwala kabotolo ka mankhwala odzola othamangitsa udzudzu.

Ukawafunsa amati, "Amayi, pakati pa nyanja udzudzu uchokera kuti?" Apo sakunama kwenikweni. Sitima ikamayenda kutali ndi mtunda, mwera ukuwomba, udzudzu sulimba, chifukwa suuluka bwino pa mphepo. Ndipo mukaona chinthu chonga utsi chikutuluka m'madzi chakumpoto kwa nyanja, musachite mantha. Imeneyo ndi nkhungu, siluma, anzathu a m'mbali mwa nyanja amaidya ndithu.

Vuto lili pa doko. Sitima ikaima, imatha maola angapo akutsitsa ndi kukweza katundu, nthawi zina usiku. Mphepo yadeka, mtunda uli pafupi, mabango ndi zithaphwi zili pomwepo. Inu mwakhala pamwamba pa sitima mutavala kabudula, kapena mwatsika kukagula nsomba yootcha, mwinanso mwaganiza zogona masiku awiri pa Likoma. Udzudzu wofalitsa malungo, uja timauti Anopheles, umaluma kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha. Woluma ndi waukazi, suchita phokoso kwambiri, ndipo umakonda m'miyendo ndi mu akakolo. Maboma a m'mbali mwa nyanja monga Nkhotakota ndi ena mwa amene malungo amavuta kwambiri m'dziko muno, makamaka nyengo ya mvula ndi miyezi yotsatira.

Tsono pogula mankhwalawa ku famase musangoona kukongola kwa botolo kapena kununkhira kwake. Tembenuzani muwerenge kuseri. Funani mawu oti DEET, ndipo ikhale ya pakati pa 20 ndi 30 peresenti, imeneyi imagwira ntchito kwa maola angapo. Ya mphamvu yochepa imathandizabe koma imafuna kudzola pafupipafupi. Ina yabwino ndi picaridin, ena amalemba icaridin, ya 20 peresenti. Tizibangili tovala pamkono tija ndi mafuta a citronella ine sindiwadalira, mphamvu yake sichedwa kutha. Ndipo chonde, Doom ndi wopopera m'chipinda, si wapakhungu ayi. Makoilo oyatsa aja asiyeni kunyumba, moto pa sitima si wosewera nawo.

Kadzoledwe ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Dzolani dzuwa lisanalowe, osadikira kuti muyambe mwadziwomba mbama m'miyendo. Pakani pakhungu lokhalo limene lili pamtunda: mapazi, akakolo, mikono ndi khosi. Mkati mwa zovala ayi, pa chilonda ayi, pafupi ndi maso kapena pakamwa ayi. Ngati masana mwadzola mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ayambe amenewo, aume, kenako a udzudzu pamwamba. Mukasambira kapena mukatuluka thukuta kwambiri, dziwani kuti mankhwala apita, pakaninso. DEET imawononga pulasitiki, choncho sambani m'manja musanagwire magalasi a maso, wotchi kapena foni. Madzulo valani malaya a mikono yaitali, buluku ndi masokosi. Ndikudziwa kuti kunyanja kumatentha, koma thukuta silinagonekepo munthu m'chipatala.

Inu makolo, mwana musamupatse botolo kuti adzipake yekha. Pakani m'manja mwanu, kenako inuyo mumupake. M'manja mwake musamupake, chifukwa zala za mwana sizichedwa kulowa m'kamwa ndi m'maso. Khanda losakwana miyezi 2 silipakidwa mankhwalawa, limeneli ndi la neti basi ndi zovala zofunda thupi lonse. Mankhwala a mafuta a lemon eucalyptus asapakidwe mwana wosakwana zaka 3. Mukalowa mogona motetezeka, m'sambitseni ndi sopo.

Za neti ndinenepo. Mankhwala odzola satha usiku wonse, ndiye neti yonyikidwa m'mankhwala ilowe m'chikwama pamodzi ndi kachingwe komangira. Silemera. Musadalire kuti mukaipeza kumene mukupita, ndipo ngati mwaipeza iyang'aneni mabowo kusanade.

Amayi oyembekezera amandifunsa kawirikawiri ngati DEET ingapweteke mwana m'mimba. Mukaidzola motsatira malangizo a pa botolo, palibe vuto. Choopsa ndi malungowo: amachepetsa magazi, amachititsa kuti mwana abadwe wochepa thupi kapena masiku asanakwane, nthawi zina mimba kupita padera. Musananyamuke kafikeni ku sikelo, muwauze za ulendowu, ndipo musadumphe mankhwala a SP amene amakupatsani kumeneko. Mwana amene analandira katemera wa malungo, yemwe anayamba kuperekedwa m'maboma ena kuno mu 2019, nayenso apakidwe ndi kugona mu neti, poti katemerayu sateteza kotheratu.

Palinso inu amene mwakhala zaka ku Johannesburg kapena ku London ndipo mwabwera ku holide. Musati "ine ndinakulira ku Salima, malungo ndinawazolowera." Kachitetezo kaja kamachepa munthu akakhala nthawi kumalo kopanda malungo, ndipo ana anu obadwira kunjako alibiretu. Kaonaneni ndi dokotala musanakwere ndege kuti akupatseni mapiritsi oteteza, ndipo akusankhireni iyeyo, chifukwa ena monga doxycycline sapatsidwa kwa mayi woyembekezera kapena mwana wamng'ono.

Malungo saonekera muli pa sitima. Amatenga sabata imodzi, awiri, mwinanso kupitirira kuchokera tsiku limene munalumidwa. Ndiye kuti mwabwerera kale ku Lilongwe kapena ku Blantyre, zithunzi mwaika kale pa Facebook, mwana n'kuyamba kutentha thupi, kusanza kapena kukana kuyamwa. Musangomupatsa Panado n'kumati ndi kutopa kwa ulendo. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo akamuyeze magazi a pachala, zotsatira zimatuluka m'mphindi 20 zokha. Akapezeka nawo amupatsa LA, amwe kawiri pa tsiku kwa masiku atatu mpaka athe, ngakhale ataoneka kuti wachira. Akayamba kukomoka, kulefuka kwambiri kapena kusanza chilichonse, musadikire kuti kuche. Ndipo inu obwerera kunja, muuzeni dokotala wa kumeneko poyambirira pomwe kuti munali ku nyanja ya Malawi, chifukwa iye sangaganize za malungo mukapanda kutchula.