Apanjinga Amene Atsiriza Dziko Lathu pa Mchinji

Abale athu a ku Nsaru, amene mwatsikirako ku Namitete chimanga chiri pafupi kukhwima, kapena munaonako alendo opalasa njinga, nkhope zopserera ndi dzuwa, alikulunjika kumadzulo. Ulendo wao dzina lake Tour d'Afrique. Unayambika m'chaka cha 2003, pamene anthu ananyamuka ku Cairo nafika ku Cape Town itapita miyezi inayi.

M'dziko lathu alowera pa Songwe. Akwera chitunda cha Chiweta, chimene ngakhale galimoto ichita nacho befu, napyola Mzuzu, nkhalango ya Chikangawa ndi Kasungu, napumula ku Lilongwe. Tsiku lotsiriza ndilo lathu: Mpingu, Namitete, kufikira malire a Mchinji, makilomita oposa 700 ali kumbuyo.

Ife amene tikwezeka matumba awiri a mtedza pakaliyala tingaseke, pakuti katundu wao ayenda pagalimoto. Komatu miyendo ndi yao! Chotidetsa nkhawa ndi ana athu othamangira mumseu kukapempha ndalama, malole alikudutsa. Auzeni aime m'mbali, awombe m'manja, nati: “Muyende bwino.”